Mwana akamakanda usiku wonse: zoyenera kudziwa za eczema

Makolo ambiri amene amabwera kuchipatala ndi mwana wodwala eczema, matenda oumitsa ndi kuyabwitsa khungu, amakhala atayesa kale zambiri. Asinthasintha sopo, agula mankhwala opaka kumsika, amayi ena mpaka asiya kudya mazira ndi nsomba poganiza kuti mkaka wawo ndi umene ukumuvulaza mwana. Chonsecho chimene chimathandiza kwambiri ndi chotchipa ndipo chimapezeka pagolosale iliyonse: mafuta odzola, opakidwa tsiku ndi tsiku mosadumphitsa.

Khungu labwino lili ngati khoma la njerwa lomata bwino: limasunga chinyezi m'kati, n'kutchinga fumbi ndi tizilombo kunja. Mwana wa eczema amabadwa ndi khungu losamatika bwino. Madzi amatulukamo msanga, khungu limauma n'kutuwa, kenako limayamba kuyabwa. Akakanda limang'ambika, likang'ambika kuyabwa kumawonjezeka. Vutoli limayenda m'magazi, makamaka m'mabanja amene muli odwala mphumu kapena oyetsemula akapuma fumbi. Silipatsirana, choncho palibe chifukwa chomusalira mwana kapena kumuletsa kusewera ndi anzake.

Nthawi zambiri limayamba mwana asanakwanitse chaka, kawirikawiri ali ndi miyezi 3 mpaka 6. Pa khanda limaoneka m'masaya, pachipumi ndi kunja kwa manja ndi miyendo, pamene malo ovala thewera amakhala osalala. Akamakula limasamukira mopindikira zigongono, kuseri kwa mawondo ndi m'khosi. Zithunzi za pa intaneti zimaonetsa khungu lofiira, koma pa khungu lakuda musayembekezere kufiira. Pamakhala poderapo, potuwa, kapena tinsungu ting'onoting'ono tokhakhala mukasisita ndi chala.

Musasokoneze eczema ndi mphere. Mphere zimagwira anthu angapo m'nyumba imodzi, zimakonda pakati pa zala, ndipo pa khanda zimafika m'zikhatho ndi kumapazi. Mankhwala ake ndi osiyana, n'chifukwa chake ndi bwino wachipatala aone kaye.

Tibwere ku kasambitsidwe, pakuti apa ndi pamene zambiri zimalakwika. Timakonda mwana woyera mbee, ndiye timamukhula ndi chinkhupule ndi sopo wochapira zovala, madzi ake otentha. Khungu la mwana wa eczema silingapirire zimenezo. Madzi akhale ofunda chabe, asakhalemo kupitirira mphindi 10, ndipo mum'sambitse ndi manja. Sopo wonunkhira ndi wophera tizilombo musiyeni. Kuchipatala kuli mafuta otchedwa emulsifying ointment amene amagwira ntchito m'malo mwa sopo. Pomupukuta muzingogunditsa thaulo, ndipo khungu lisanaumiretu, pasanathe mphindi 3, mudzozeni thupi lonse. Vaseline woyera wopanda fungo ndi wokwanira. Mudzozeni kawiri kapena kuposa pa tsiku, ngakhale masiku amene khungu likuoneka labwino, makamaka mu June ndi July kukamazizira komanso mu October thukuta likachuluka. Chenjezo limodzi limene ndimafuna kholo lililonse limve: zovala ndi zofunda zomwa mafutawa zimagwira moto msanga, ndiye mwana atalikire mbaula, kandulo ndi koloboyi.

Zovala za thonje ndizo zabwino. Juzi laubweya lisakhudze khungu, pakhale kamalaya m'kati. Pochapa tsukuluzani mpaka thovu lithe, ndipo zikhadabo muzimuwenga pafupipafupi.

Khungu likabuka, mafuta okha sakwanira. Pamafunika mankhwala opaka a gulu la steroid, ochepetsa kutupa ndi kuyabwa, ndipo kwa makanda komanso kumaso timayamba ndi ofatsa, hydrocortisone wa 1%. Makolo ena amawaopa, amapaka masiku awiri n'kusiya, mwana n'kumavutikabe. Akagwiritsidwa ntchito motsatira malangizo, kamodzi kapena kawiri pa tsiku kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndi otetezeka. Muyeso wake ndi wosavuta: mukafinya mankhwala kuchokera kunsonga ya chala chanu cholozera mpaka pamzere woyamba, amenewo akukwana malo aakulu ngati zikhatho zanu ziwiri. Amene ndimawaopa ine ndi timachubu togulitsidwa m'misika, ena mwa iwo oyeretsera khungu, tokhala ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol ndi betamethasone. Zidzolo zimazimirira msanga, kholo n'kusangalala, koma khungu la khanda limapyapyala, mankhwalawo amalowerera m'thupi, ndipo mukangosiya vuto limabwerera ndi ukali. Zilonda zikapola pamatsala mawanga oyererapo kapena akuda. Amenewo amabwera ndi matendawo ndipo amatha okha pakapita miyezi.

Za zakudya, chonde musam'siyitse mwana kuyamwa. Musam'manenso mazira, mkaka kapena phala la nsinjiro mongoganizira, chifukwa mungam'bweretsere kunyentchera eczema ili chikhalire. Pokhapokha ngati akangodya chinachake amatupa milomo, kutuluka zidzolo thupi lonse kapena kusanza, apo siyani chakudyacho mukaonane ndi dokotala.

Ana ambiri amapeza bwino akamakula, ngakhale ena khungu lawo limakhalabe louma mpaka ukulu. Koma mukaona zilonda zikuchucha madzi, zili ndi nkhanambo zachikasu kapena mafinya, ndiye kuti mwalowa tizilombo ndipo pakufunika mankhwala ena. Mukaona timatuza tambirimbiri tofanana tikufalikira mwachangu, makamaka pafupi ndi maso, mwana watentha thupi kapena akukana bere, musadikire tsiku la sikelo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.