Kukwera phiri la Zomba pa njinga ndi ana: samalani mabuleki ndi kuzizira

Banja limene lazolowera kupalasa njinga m'chigwa likaganiza zokagona mu tenti pamwamba pa phiri la Zomba, nkhawa yake yaikulu imakhala pa chitunda. Ine amene ndimatsogolera alendo pa maulendo otere ndimawauza makolo kuti chitunda chimangotopetsa, pakuti mwana akalema amatsika n'kumakankha njinga yake. Zimene zimavulaza anthu ndi mtsetse wa pobwerera ndi kuzizira kwa usiku, ndipo zonse ziwirizi zimabwera chifukwa cha kutalika kwa phirili: tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Malumbe imafika mamita 2,087.

Mabuleki a njinga zambiri amagwira ntchito pofinya limu ndi timalabala tiwiri, ndipo kukhulana kumeneko kumatulutsa kutentha. Munthu akagwira mabuleki osasiya pa mtsetse wa makilomita angapo, makamaka njinga itasenza tenti ndi mapoto pa kaliyala, limu imatentha mpaka labala amafewa n'kuyamba kuterereka, ndipo nthawi zina chigamba chakale cha pa chubu chimamatuka. Choncho gwirani mabuleki onse awiri mwamphamvu musanafike pokhota, kenaka muwasiye pang'ono kuti apume. Imani pafupipafupi n'kukhudza limu ndi chala; ikakhala yootcha, dikirani izizire. Limu ikanyowa ndi nkhungu, mabuleki amachedwa kugwira, motero liwiro liyenera kuchepa kwambiri.

Kwa ana vutoli limakula chifukwa manja awo ndi aang'ono ndipo amatopa msanga. Musananyamuke, onetsetsani kuti zala za mwana zikufika bwino pa chogwirira cha mabuleki, ndipo malabala otha asinthidwe kwa wokonza njinga m'tauni. Potsika, wamkulu mmodzi atsogole kuti ndiye aike liwiro, wina akhale kumbuyo, onse atavala zisoti ndipo akuyenda kumanzere kwa msewu. Msewuwu ndi wokhotakhota, ndipo mumadutsa magalimoto komanso anthu osenza nkhuni. Mwa maganizo anga, mwana amene sanazolowere mtsetse ayende pansi m'malo otsetsereka kwambiri, ngakhale atachonderera chotani.

Za kuzizira, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, ndipo m'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikafika, zovala zimanyowa ngakhale mvula yeniyeni isanagwe. Mwana amene wachita thukuta pokwera avule malaya onyowawo mukangofika, avale ouma ndi juzi. Ambiri amaunjika mabulangete pamwamba n'kuiwala kuti nthaka ndiyo imayamwa kutentha kwa thupi, choncho yalani mphasa ndi kamatiresi pansi musanayale china chilichonse.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimaletsa mwamphamvu: musalowetse mbaula ya makala mu tenti. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo pamalo otsekeka. Phikirani panja, ndipo moto muuzime ndi madzi musanagone, chifukwa masamba ouma a paini amayaka msanga m'chilimwe.

Madzi a m'mitsinje ya pamwambapa amaoneka oyera, komabe awiritseni kapena muwathire klorini musanamwe. Tsiku lachiwiri siyani katundu wolemera pamalo ogona ndipo mupalase opepukidwa kupita ku damu la Mulunguzi, ku mathithi a Williams kapena ku Emperor's View, malo amene anatchedwa dzinali pokumbukira ulendo wa Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Ulendo wotsikira m'tauni uyambike dzuwa likadali pamutu, kuti tayala likaphwa panjira mumate chubu kukuwala.