Musanaombere m'manja nyumba yosanja, funsani komwe madzi ake adzalowere

Mwezi uno wokha anthu angapo andiimitsa, wina kudepoti, wina potuluka m'tchalitchi, kundionetsa pafoni chithunzi cha nyumba yaitali yagalasi yomwe akuti kampani ina ikufuna kumanga pakati pa tauni yathu ino ya Mzuzu. Onse amafunsa zofanana: "Bambo injiniya, mukuiona bwanji? Si yokongola?" Ndisanayankhe n'komwe, okha amagawikana pawiri. Ena akuti Mzuzu watsalira, nafenso tikhale ndi yathu ngati Kang'ombe House ya ku Lilongwe kapena Delamere House ya ku Blantyre. Ena akuti chinthu chachitali chotere sichiyenera kuno, chidzabisa mapiri, mwinanso chidzatigwera.

Funso la kukongolali landitopetsa, chifukwa ndalimva kwa zaka zambiri ndipo silinapulumutsepo khoma la munthu. Chithunzi chimene mukukanganiranacho chimapangidwa pa kompyuta kuti chikope a banki ndi odzachita lendi. M'chithunzimo simugwa mvula. Mulibe matope, mulibe akabaza, mulibe mayi wogulitsa nthochi, ndipo nyumba zoyandikana nayo amazifufuta n'kuikapo kapinga. Poona chithunzi chokha, ngakhale ine sindinganene ngati nyumbayo ndi yabwino kapena ayi.

Ndinene poyera kuti sindidana ndi nyumba zosanja. Mzuzu adayamba ngati esiteti ya mitengo yopangira mafuta yotchedwa tung mu 1947, adakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 tinali 221,272. Anthu onsewa akufuna pogona, pogwirira ntchito ndi pogulitsira. Tikapanda kumanga chokwera, tipitiriza kulowa m'madambo ndi m'maphedi, n'kumadyanso nkhalango ya Kaning'ina pang'onopang'ono. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope a nyumba yosanja sagwera mwini wake. Amagwera oyandikana nayo.

Tiyambe ndi mvula yeniyeniyo, popeza kuno imayamba msanga kutivuta ndipo imachedwa kuleka. Tengani puloti ya mamita 40 m'lifupi ndi 50 m'litali, yonse yofoleredwa kapena kuwakidwa simenti. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa pamenepo, madzi ake ndi malita 100,000, madiramu 500. Kale ambiri mwa madziwa ankalowa m'nthaka. Tsopano onse akufuna njira, ndipo akuifuna mu ola limodzi kapena awiri. Adzalowa ngalande iti? Ngalandeyo ndi yaikulu bwanji, ndipo imakathira kwa yani? Amene adaona nyumba zikugwa ndi mvula ya mu Epulo 2016 safunika kuuzidwa kuti madzi a kumtunda amakamaliza ulendo wawo kwa anthu a kumunsi.

Pali nkhani ina imene imandivutabe mumtima. Mayi wina anali ndi kamalo kodyera kuseri kwa puloti yomwe pankafuna kumangidwa nyumba ya nsanjika zinayi, yokhala ndi chipinda chapansi panthaka. Ataona chithunzi chake anasangalala, akuganiza za makasitomala amene azidzatsika m'maofesi nthawi ya nkhomaliro. Amisiri anakumba dzenje lakuya mpaka m'malire enieni, osachirikiza m'mbali mwake, mwezi wa Januwale. Dothi lonyowa linayamba kusuntha. Khoma la khitchini yawo linang'aluka kuyambira pawindo mpaka pansi, chitseko chinasiya kutsekeka, simenti yapansi n'kutitimira mbali imodzi.

Anabwera kwa ine nyumba ija ili kale pa silabu yachitatu. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, muli ndi zithunzi za khoma lanu asanayambe kukumba?" Analibe. "Munalemberapo kalata aliyense?" Sanalembe. Anangodandaula pakamwa kwa kapitawo, kapitawoyo n'kuwauza kuti asadandaule, akonza. Pamene nkhani inakula, kontilakita anati mng'aluwo unalipo kale. Ine ndinayeza, ndinalemba lipoti, ndipo m'mene mng'alu unayendera zinali zoonekeratu kwa ine kuti dothi linathawira kudzenje. Koma popanda umboni wa mmene khomalo linalili poyamba, lipoti langa linali mawu anga polimbana ndi mawu awo. Kenako mapaipi a madzi a padenga anawalozetsa kubwalo kwa mayiwo. Mvula yotsatira isanathe, anatseka bizinesi.

Chimene sindiiwala ndi yankho lawo nditawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete miyezi yonseyo. Anati, "Bambo, ndinkaopa kuti anena kuti ndine wansanje, wodana ndi chitukuko." Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kalata imodzi yokhala ndi deti ndi zithunzi khumi za pafoni zikanawasungira malo awo. Ndikamva anthu akutchula mnzawo wofunsa mafunso kuti ndi mdani wa chitukuko, ndimakumbukira mayi ameneyu ndipo mtima umandiwawa.

Amene mukuopa kuti nyumba idzagwa, mantha anu ndi omveka, koma mwawaloza polakwika. Kutalika pakokha sikugwetsa nyumba. Imagwa chifukwa cha dothi losayezedwa, konkire yochepa simenti, zitsulo zoperewera, kapena nsanjika zoonjezera pamwamba pa maziko amene sanawerengeredwe kulemera koteroko. Dothi la Mzuzu si lofanana. Katondo wa pamtunda ndi wina, dothi lakuda la kudambo ndi lina, ndipo pali malo ena amene anachita kukwiriridwa n'kumaoneka ouma pamwamba. Nyumba yaitali imafuna kuti abowole pansi malo angapo, atenge dothi, akaliyeze, n'kulemba lipoti. Funsani ngati lipotilo lilipo. Tilinso m'mphepete mwa Rift Valley, chigwa chachikulu chimene chinapangika ndi kung'ambika kwa nthaka. Zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinatisonyeza kuti nthaka ya kumpoto kuno imagwedezeka, ndipo masamu a nyumba yosanja ayenera kuwerengera zimenezo.

Apa ndi pamene ndimakwiya kwambiri, chifukwa mu ntchito yathu mwalowa akamberembere. Mnyamata amaphunzira kujambula pa kompyuta miyezi itatu, n'kuyamba kudzitcha injiniya. Amatsitsa pulani pa intaneti, yojambulidwira dothi ndi nyengo ya dziko lina, n'kusintha dzina pakona. Kenako amafunafuna katswiri wolembetsedwa amene angavomere kudinda chidindo chake pa ndalama yochepa, nyumbayo osaiwerengera, pamalopo osapondapo. Wodindayo ndiye woipa koposa, chifukwa akudziwa chimene akuchita. Ine anandibweretserapo mapepala otere kangapo ndipo ndinawabweza, koma ndikudziwa kuti sanapite nawo kunyumba kukawang'amba. Ku Lagos, mu Novembala 2021, nyumba ya nsanjika 21 yomwe inkamangidwa ku Ikoyi inagwa n'kupha anthu oposa 40, ambiri mwa iwo amisiri ndi aganyu. Dzina la wojambula pulani ndi la injiniya liyenera kulembedwa pa chikwangwani cha pamalo omangapo. Ojambula mapulani amalembetsedwa ku Board of Architects and Quantity Surveyors, mainjiniya ku Malawi Engineering Institution. Lembani mainawo mukafunse. Akakubisirani dzina, dziwani kuti pali chifukwa. Ntchito ikayamba, konkire ya silabu iliyonse imayenera kutengedwako pang'ono n'kukaphwanyidwa pa makina pakatha masiku 28 kuti aone mphamvu yake. Kontilakita woona sachita nazo manyazi zotsatira zake.

Za moto anthu safuna kuzimva, poti sizikongoletsa chithunzi. Laibulale ya Mzuzu University inapsa mu Disembala 2015, ndipo sinali nyumba yaitali. Tsono ganizirani moto woyambira pa nsanjika yachisanu ndi chitatu usiku. Ku London, mu Juni 2017, anthu 72 anafa pa Grenfell Tower, nyumba ya nsanjika 24. Moto unathamanga kudzera m'zokutira zokongoletsera kunja kwa khoma, ndipo njira ya masitepe inali imodzi yokha. Choncho mukaona zonyezimira kunja kwa nyumba, funsani kuti ndi zopangidwa ndi chiyani. Funsani kuti njira za masitepe ndi zingati, chifukwa chikepe sichikweredwa moto ukabuka. Funsani ngati muli thanki ya madzi osungira moto okha, komanso kuti makwerero a galimoto yathu yozimitsa moto amafika nsanjika yachingati. Pamene makwerero alekezera, nyumbayo iyenera kudziteteza yokha.

Madzi akumwa nawo sakwera okha. Nyumba ya nsanjika khumi imafika mamita 30 mpaka 35, ndipo imafuna mapampu ndi mathanki ake. Omanga akafuna kusunga ndalama amalumikiza pampu ku paipi ya mumsewu mwachindunji m'malo momanga thanki yapansi yodzaza pang'onopang'ono. Pampu ikalira, mipopi ya oyandikana nayo imauma, iwo n'kumatukwana a Water Board osadziwa kuti madzi awo akwera m'mwamba. Magetsi akazima, pampu ndi chikepe zonse zimadalira jenereta, ndipo phokoso ndi utsi wake zimaloza kwa wina. Nanga zonyansa za anthu mazana angapo tsiku lililonse, mumzinda umene mbali yaikulu imadalira ma septic tank ndi zimbudzi zokumba, zidzapita kuti?

Mthunzi ndiutchula mwachidule. Mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo nyumba ya mamita 35 imaponya mthunzi wa pafupifupi mamita 25 chakummwera masana enieni, m'mawa ndi madzulo wautali kuposa pamenepo. Ndi kuzizira kwa Mzuzu, amene ali ndi shopu mbali imeneyo adzavala jekete tsiku lonse ndipo khoma lake lidzachita nkhungu. Za poimika magalimoto ndi polowera malole otsitsa katundu, aliyense amene amadutsa cha kumsika waukulu madzulo akudziwa kale. Ndipo popeza bwalo la ndege lili pafupi ndi tauni, kutalika kwa nyumba kumafunanso mawu a oyang'anira maulendo a pandege.

Cholakwika chachikulu koposa ndi kuchedwa. Anthu amayamba kulankhula malata otchinga atazungulira kale puloti ndipo makina akukumba. Pamenepo chilolezo chatuluka, ngongole yatengedwa, ndipo kusuntha ngalande kapena kuwonjezera masitepe kumadya ndalama zimene palibe mwini nyumba angavomere mosavuta. Pulani ikadali papepala, zomwezo zimasinthidwa m'masiku ochepa. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti womanga apeze chilolezo asanayambe, ndipo kuno mapulani amadutsa ku khonsolo ya mzinda. Lamulo la Environment Management Act la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo kuunikako kumaphatikiza kumva okhudzidwa. Mawu anu ali ndi mphamvu nthawi imeneyo.

Ngati muli ndi nyumba, shopu kapena benchi pafupi ndi malo amene akutchulidwawo, musadikire msonkhano. Jambulani makoma anu onse sabata ino, mkati ndi kunja, ndi pansi pomwe. Pitani kwa khansala wanu komanso ku ofesi ya mapulani ku khonsolo mukapemphe kuona pulani yosonyeza malire, ngalande ndi njira zolowera, osati chithunzi chagalasi chija. Lembani mafunso anu papepala, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka ngati Chingerezi chikukuvutani, ikani deti, sainani angapo, ndipo pokapereka pemphani kuti akudindireni kope lanu losunga. Akakuitanani ku msonkhano n'kukupatsani pepala losaina, werengani pamwamba pake kaye, chifukwa lina limati munabwera, lina limati mwavomereza.