Mahomoni si chifukwa chosiyira mayi kunyumba

Ndatopa nawo mawu akuti "musadandaule, ndi mahomoni chabe." Mayi akavutika m'maganizo, amanena ndi amuna awo, amanena ndi amayi anzawo, ndipo chondiwawa n'chakuti nthawi zina amanena ndi ife a zaumoyo tomwe. Wonenayo amaona ngati wamutonthoza munthu. Koma matenda a shuga nawo ndi nkhani ya homoni, yotchedwa insulin, ndipo sindinamvepo wina akuuza munthu wa shuga amene wakomoka kuti apirire, zitha zokha.

Estrogen ndi progesterone, mahomoni amene amayendetsa msambo ndi mimba, sathera m'chiberekero. Amafika mu ubongo, ndipo maselo a kumeneko ali ndi malo owalandirira, makamaka ku hippocampus, mbali imene imasunga zimene mwangophunzira kumene, ndi ku mbali yakutsogolo imene imakonza maganizo ndi kuletsa mkwiyo. Estrogen amakhudza kagwiridwe ntchito ka serotonin, chinthu chotumiza mauthenga mu ubongo chimene mankhwala ambiri a matenda ovutika maganizo amagwirapo. Progesterone akalowa m'thupi, gawo lina limasanduka allopregnanolone, ndipo ameneyu amagwira pa dongosolo la mu ubongo lotchedwa GABA, lomwelo limene mankhwala ogonetsa a diazepam ndi mowa zimagwirapo pokhazika ubongo pansi. Ana asanathe msinkhu, anyamata ndi atsikana amadwala matenda ovutika maganizo pafupifupi mofanana. Akatha msinkhu, akazi amadwala kuwirikiza pafupifupi kawiri. Nkhanza, katundu wa ntchito zosatha ndi kusowa womvetsera zili ndi gawo lalikulu pamenepo, sindikukana. Koma thupi nalo lili ndi lake.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi apa. Mayi amabwera ndi pepala la zotsatira za magazi, n'kunena kuti, "Adokotala, anandiyeza mahomoni, akuti ali bwinobwino, ndiye mwina ndikungodzinamiza." Ayi, amayi. Kawirikawiri vuto silikhala kuchuluka kapena kuchepa kwa mahomoni. Vuto ndi mmene ubongo wa munthu ameneyo umalandirira kukwera ndi kutsika kwake. Mu 1998, Peter Schmidt ndi David Rubinow a ku National Institute of Mental Health ku America anasindikiza kafukufuku amene anaonetsa zimenezi poyera. Anapatsa amayi mankhwala oimitsa kaye mahomoni a m'thupi mwawo, ndipo ambiri mwa amene ankavutika masiku oyandikira kusamba anapeza bwino. Atawabwezera estrogen kapena progesterone pamlingo wamba, mavuto anabwerera. Amayi amene analibe vutoli poyamba anapatsidwa zomwezo, koma sanamve kanthu. Mlingo unali umodzi, ubongo ndi umene unkayankha mosiyana.

N'chifukwa chake matenda otchedwa PMDD, ovutitsa maganizo kwambiri mayi akayandikira kusamba, sitiwapeza m'magazi. Sindikunena kukwiyakwiya pang'ono ndi kuwawa kwa mabere kumene amayi ambiri amakudziwa. Ndikunena mayi amene mwezi uliwonse, sabata imodzi kapena ziwiri asanasambe, amasanduka munthu wina: kulira kosatonthozeka, ukali wophwasula banja, kulephera kugwira ntchito, ena mpaka kuganiza zodzipha. Akangoyamba kusamba, m'masiku ochepa amabwerera mwakale n'kuyamba kupepesa aliyense. Vutoli linalembedwa ngati matenda paokha mu DSM-5, buku la madokotala a ku America la matenda a maganizo, mu 2013, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaliikanso mu ICD-11, mndandanda wake wa matenda. Chimene ndimapempha n'chosavuta. Lembani tsiku lililonse mmene mukumvera, kwa miyezi iwiri yotsatizana, pamodzi ndi tsiku limene mwayamba kusamba. Ngati pali sabata yopanda vuto mutatha kusamba, taona njira: ikhoza kukhala PMDD. Ngati mukuvutika mwezi wonse, n'kumangoipiraipira kumapeto, ndiye kuti pali matenda ena amene msambo ukungowasonkhezera, ndipo chithandizo chake n'china. Pa PMDD, mankhwala a matenda ovutika maganizo a gulu la SSRI monga fluoxetine ndi sertraline amayamba kugwira m'masiku ochepa, osati masabata ngati mmene zimakhalira pa matenda wamba ovutika maganizo, moti ena amamwa theka lachiwiri la mwezi lokha.

Tsono akubwera ogulitsa mabotolo "olinganiza mahomoni" pa Facebook ndi pa WhatsApp. Olinganiza ati? Mahomoni a mkazi wathanzi sakhala pamalo amodzi. Akanakhala pamalo amodzi, mkaziyo sakanasamba, sakanaima. Botolo limodzi lomwelo akuti lithetsa kusabereka, nkhawa, zotupa za m'chiberekero ndi kuiwala. Ndipo musamati poti n'zachilengedwe sizingavulaze. Chitsamba chotchedwa St John's wort, chimene chimagulitsidwa m'mayiko ambiri kuti chimachotsa kukhumudwa, chimafooketsa mapiritsi olera ndi ma ARV ena, ndipo chikaphatikizidwa ndi SSRI chikhoza kudwalitsa koopsa. Komabe chimene mabotolowa amaba kwambiri ndi nthawi.

Za amayi oyandikira kusiya kusamba ndinena mwachidule. Ambiri amasiya ali pakati pa zaka 45 ndi 55, koma zaka zingapo izi zisanachitike estrogen amakwera ndi kutsika mosadziwika. Mayi amaiwala dzina la mnzake wa kuntchito, amalowa m'chipinda osakumbuka chimene wadzera, n'kuyamba kuopa kuti agwidwa matenda oiwalaiwala a ukalamba. Kafukufuku wa SWAN, amene watsatira amayi a ku America oposa 3,000 kuyambira m'ma 1990, anapeza kuti kutha kuphunzira zatsopano kumatsikadi pang'ono panthawiyi, kenako kumabwerera. Ndisanalankhule za china chilichonse ndimafunsa za tulo, chifukwa munthu wodzuka kangapo usiku atanyowa ndi thukuta sangakumbuke kanthu m'mawa. Mankhwala obwezeretsa mahomoni amathandiza kwambiri kutentha thupi ndi tulo kwa amene akuyenera kumwa, koma si katemera wa kuiwala: mu 2003 kafukufuku wa WHIMS anapeza kuti amayi a zaka 65 kapena kuposa amene anayamba estrogen ndi progestin, mankhwala ofanana ndi progesterone, anadwala matenda oiwalaiwala kuposa anzawo. Ndipo pa msinkhu uliwonse, mayi wotopa, wozizidwa, wonenepa mosadziwika ndi wochedwa kuganiza ayenera kuyezedwa chithokomiro ndi kuchuluka kwa magazi. Apa mpamene kuyeza magazi kuli ndi ntchito.

Nthawi imene imandisowetsa mtendere ndi ya mayi amene wangochira kumene. Pa miyezi ya pakati, nsengwa imatulutsa mahomoni ochuluka kuposa nthawi ina iliyonse pa moyo wa mkazi. Ikangotuluka, amagwa m'masiku ochepa. Amayi oposa theka amalira popanda chifukwa cha m'ma tsiku lachitatu mpaka lachisanu, ndipo zimenezo zimatha zokha asanathe masabata awiri. Zokhazo ndi zimene mungati zitha. Zikapitirira masabata awiri, mayi osasangalala ndi chilichonse, akudziona ngati wolephera, akulephera kugona ngakhale mwana atagona, amenewo ndi matenda. WHO imati pafupifupi amayi 13 pa 100 alionse amene angobereka amadwala m'maganizo, makamaka matenda ovutika maganizo, ndipo m'mayiko osauka chiwerengerocho chimayandikira 20. Pali mafunso 10 okha, a Edinburgh Postnatal Depression Scale ya mu 1987, amene namwino akhoza kufunsa m'mphindi zochepa. Ndipo kuyamwitsa sikuletsa chithandizo. Sertraline amapita mu mkaka pang'ono kwambiri.

Palinso matenda ena osowa, osokoneza mutu wa mayi wongochira, amene amagwira mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000, koma ndi amene sandichoka m'mutu. Mayi wina wachitsikana, wa mwana woyamba, anasiya kugona sabata yoyamba isanathe. Sanali wofooka ayi. Ankalankhula osapuma, kukonza m'nyumba pakati pa usiku, kuseka, kuimba. Abale anati wakondwa ndi mwana. Kenako anayamba kuyang'anitsitsa khandalo n'kumati limeneli si lake, amusinthira. Chimene chinawanyenga onse n'chakuti m'mawa ankatha kukhala bwinobwino, kupereka moni, kuyankha zanzeru, madzulo n'kusokonezekanso. Matendawa ndi mmene alili, amabwera ndi kupita m'maola. Wina anawagulitsa botolo, n'kuwauza kuti adikire masiku angapo ligwire ntchito. Anadikira. Anafika naye kwa ife m'sabata yachitatu, atam'peza usiku akuyenda panja ndi mwana amene anali atakhala nthawi yaitali osayamwa.

Onse awiri anapulumuka. Mayiyo anagonekedwa, analandira mankhwala, ndipo patapita masabata angapo anali munthu yemwe uja wakale. Matendawa amachizika ndithu, ndipo ambiri amachira kotheratu. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi zimene bambo wa mwanayo anandiuza tili awiri. Anati, "Adokotala, ine ndinaona kalekale kuti mayi a mwanayu sali bwino. Koma aliyense amene ndinam'funsa anandiuza kuti zimachitika, ndisadandaule, ine ndi mwamuna sindingazidziwe." Munthu yekhayo amene anaona zoona ndi amene anatsekedwa pakamwa, ndipo anam'tseka pakamwa ndi anthu omufunira zabwino. Masabata awiri aja akanatha kutenga miyoyo iwiri. Kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zimapha amayi m'chaka choyamba atabereka m'mayiko monga Britain, kumene imfa iliyonse ya mayi imafufuzidwa.

Ndiye ndimvereni, inu abambo, amayi ake, apongozi, achemwali amene mukukhala naye. Mayi wongochira amene wakhala usiku wawiri osagona koma osatopa, amene akulankhula zosalumikizana, akumva mawu amene inu simukumva, akukayikira mwana wake kapena akunena kuti aliyense angakhale bwino iye atachoka, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Musadikire tsiku la sikelo. Musadikire kuona ngati mawa adzuka bwino, chifukwa akhoza kudzukadi bwino, ndipo zimenezo sizitanthauza kanthu. Musamusiye yekha ndi mwana ngakhale kanthawi kochepa; si chifukwa choti ndi mayi woipa, koma ubongo wake ukumuuza zinthu zabodza zimene iye akuziona ngati zenizeni. Mukufuna kumupempherera, pempherani muli pa ulendo wopita kuchipatala. Mukafika, nenani tsiku limene anabereka ndi tsiku limene anasiya kugona, nenaninso ngati watentha thupi, wakomokapo kapena anataya magazi ambiri pobereka, chifukwa matenda a m'magazi, kuthamanga kwa magazi ndi chithokomiro zimathanso kusokoneza mutu, ndipo tiyenera kuzifufuza msanga.

Mayi amene ali ndi matenda a bipolar (osinthasintha pakati pa kusangalala kopyola muyezo ndi kukhumudwa kwambiri), amene anasokonezekapo atabereka mwana wam'mbuyo, kapena amene mayi ake kapena mchemwali wake zinawachitikira, anene zimenezi ulendo woyamba womwe wa kusikelo, mimba ikadali yaing'ono. Ngozi yake ndi yaikulu kuposa ya amayi ena, ndipo tikadziwiratu timakonza za mankhwala oti ayambe akangobereka, za amene adzagwire mwana usiku kuti iye agone, ndi za amene adzathamange naye zizindikiro zikayamba. Amene akumwa kale mankhwala a maganizo asawasiye yekha atangozindikira kuti waima. Ena, monga sodium valproate, amavulaza mwana m'mimba ndipo amafunika kusinthidwa mimba isanabwere n'komwe, koma kusinthako achite ndi dokotala, chifukwa kusiya mwadzidzidzi ndi kumene kumabweretsa matenda panthawi yoopsa kwambiri.