Mankhwala ofiira aja a khansa ya lymphoma: samalani mtima

Lymphoma ndi khansa yoyambira m'mwanabele, ndipo imatupitsa m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, pena m'mimba. Ikapezeka msanga nthawi zambiri imachizika. Akuluakulu ambiri omwe amalandira chithandizo ku Kamuzu Central Hospital amapatsidwa mankhwala anayi otchedwa CHOP, kamodzi pa masabata atatu alionse, kawirikawiri maulendo 6.

Mwa anayiwo muli doxorubicin, ofiira aja omwe anamwino amalowetsa mumtsempha pang'onopang'ono. Mukawalandira, mkodzo umafiira tsiku limodzi kapena awiri. Musaope, si magazi. Chomwe madokotala amachiyang'anira kwambiri ndi mtima, chifukwa mankhwalawa amatha kuufooketsa mpaka kumalephera kupopa magazi mokwanira. Ulendo uliwonse umawonjezera pa wam'mbuyo, n'chifukwa chake pali malire a doxorubicin yemwe munthu angalandire moyo wake wonse. Maulendo 6 a CHOP safika pamalirewo, ndipo odwala ambiri amamaliza mtima uli bwinobwino.

Ofunika kusamala kwambiri ndi okalamba opitirira zaka 65, ana aang'ono, odwala BP kapena shuga, osuta fodya, omwe anali kale ndi vuto la mtima, komanso omwe anawotchedwapo khansa pachifuwa ndi makina. Auzeni adokotala zonsezi musanayambe, ndipo afunseni za echo, sikani younika mtima. Mapiritsi a prednisone, omwenso ali m'gulu la CHOP, amakweza BP ndi shuga, choncho muziyezetsa pa ulendo uliwonse.

Kuipa kwa vuto la kufooka kwa mtimali n'koti limatha kubisala. Ambiri omwe limawagwira limawaonekera chaka choyamba atamaliza mankhwala, koma ena, makamaka omwe analandira ali ana, papita zaka zambiri. Munthu amene amayenda wapansi kuchoka kudepoti mpaka kumsika waukulu osamva kanthu amayamba kupumira panjira ndi befu. Nsapato zimathina madzulo, ndipo mukadina chala pamwendo pamatsala kadzenje. Usiku amabanika akagona chagada, mpaka kuwonjezera mapilo kapena kugona chokhala. Ena mtima umawagunda mothamanga kapena modukizadukiza. Odwazika matenda, inu ndi amene mumayamba kuona izi. Kuchepa kwa magazi ndi TB zimabweretsanso befu, ndiye musamaganizire nokha kunyumba, komanso musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mtima ukapezeka utangoyamba kufooka, mankhwala monga enalapril ndi carvedilol amathandiza ndithu.

Kuthawa mankhwala poopa za mtima ndiye ayi. Lymphoma yosiyidwira panjira imabwerera mwaukali, ndipo imapha msanga kuposa vuto lomwe mukuliopalo. Omwe muli pa ma ARV pitirizani kumwa.

Mukamaliza, pemphani kuti akulembereni m'buku lanu la kuchipatala kuchuluka kwa doxorubicin yense yemwe mwalandira, ndipo bukulo musalitaye ngakhale litadzaza. Amayi, mukadzakhala oyembekezera kalionetseni kusikelo, popeza pakati pamachulukitsa ntchito ya mtima. Mchere chepetsani m'ndiwo. Ngati anakuuzani kuti mtima wafooka, musagule nokha brufen kapena diclofenac, chifukwa amasunga madzi m'thupi. Mutu kapena msana ukamawawa, funsani adokotala zoyenera kumwa.