Chilumba cha Mbenje: zinayamba bwanji zotseka miyezi ya dzinja?

Ife a ku Kasungu nyanja tilibe, nsomba zathu zimabwera pa lole kuchokera ku Nkhotakota ndi ku Salima, ndiye ambiri timangodandaula kuti utaka wadula pa msika osadziwa kuti komwe umachokerako kuli malamulo ake. Amayi a geni ya nsomba ndi amene amazidziwa bwino, mukawafunsa nthawi ya dzinja amangoti "ku Mbenje anatseka, dikirani Epulo."

Mbenje ndi kachilumba ka pa nyanja ya Malawi m'boma la Salima, m'dera la Senior Chief Makanjira, asodzi amakwerera maboti pa doko la Chikombe. Nkhani yake inayamba cha m'ma 1950 nthawi ya atsamunda, pomwe asodzi ochokera ku Likoma anabwera ndi makoka awo kudzapempha mfumu kuti aziwedza utaka kuzungulira chilumbachi. Mfumu inalola koma ndi malamulo. Lalikulu ndi loti mvula ikayamba, kuyambira Disembala mpaka kumapeto kwa Malichi, aliyense achokeko, pasapezeke munthu ngakhale mmodzi ogona pa chilumba kapena oponya ukonde pafupi. Poyamba nkhawa inali ya miyoyo ya anthu, dzinja pa nyanja pamakhala ziphaliwali ndi mafunde, komanso ndi nthawi yoti munthu akhale kumunda. Koma miyezi yomweyo nsomba zimapeza mpata oswana ndi kukula bwinobwino, nde asodzi ataona kuti akabwerera akumapha utaka onenepa, lamulo lija analigwira ndi manja awiri.

Malamulo ena ndi a khalidwe. Mowa saloledwa, chamba ayi, juga ayi, ndipo amayi saponda pa chilumbapo. Akuluakulu a kumeneko amati malowa ndi a mizimu ya makolo, ndichifukwa chake tsiku lotsegulira mu Epulo pamakhala mwambo, mfumu ndi nduna zake, nsembe, anthu a boma nawo amabwera kudzaonelera.

Chomwe ine chimandigwira mtima si mwambowo ayi koma amene amalondera. Ndi komiti ya anthu a m'mudzi momwemo ndi asodzi anzawo, salandira salale ya boma, amasecha katundu pa doko anthu asanakwere boti, amayendera makoka kuona ngati maso ake sali ochepetsetsa, ndipo opezeka ndi neti ya udzudzu ija ya ku chipatala kapena owedza mozemba nthawi yotseka amakaonekera kwa mfumu, chindapusa, zida kulandidwa, ena kuthamangitsidwa pa chilumba. Okugwira ndi munthu oti amakudziwa ndi kwanu komwe, mawa mukumana pa maliro, ndiye kuzemba kwake nkovuta kusiyana ndi kuzemba ofisala wa za nsomba amene amabwera kamodzi pa mwezi mafuta akapezeka.

Boma linabwera pambuyo. Chambo chitachepa kwambiri ku nyanja ya Malombe ku Mangochi, ndi pomwe mu 1993 anayambitsa ma Beach Village Committee, makomiti a pa madoko oyang'anira usodzi, kuti asodzi azitengapo mbali, kenako lamulo la za usodzi la 1997 linavomereza zoti anthu a m'midzi aziyang'anira nawo nsomba. Pamenepo nkuti a ku Mbenje atachita kale zimenezi zaka pafupifupi 40, popanda pulojekiti kapena alawansi ya semina.

Mkangano ulipo ndi wa amayi. Kuno ku Kasungu amene amagwira geni ya utaka ndi usipa ambiri ndi azimayi, koma pa chilumba sangafike, amadikira kumtunda nkugula kwa amuna amene aoloka nazo, mtengo utakwera kale. Ena amati kumeneko nkupondereza basi. Ena amayankha kuti taonani madoko ena momwe nkhani yogonana pofuna nsomba yafalitsira matenda, ku Mbenje zimenezo anazitseka kalekale. Ine mbali ya kutseka nyanja ndi kuletsa maneti a udzudzu ndilibe nayo mawu, koma iyi ya amayi ndimaona kuti amene amalipira mtengo wake ndi mayi wa pa msika wa Kasungu amene sanakhalepo pa bwalo pomwe lamulolo limakambidwa, ndipo thiransipoti yochokera ku Salima amalipira yekha.