Mphika wachitsulo sakwecha ndi mchenga

Kuno ku Mangochi mayi waukhondo amadziwika ndi mapoto ake: amawakwecha ndi mchenga wa kunyanja mpaka azinyezimira. Poto wa aluminiyamu amapirira zimenezi. Koma mphika wachitsulo cholemera, uja wa miyendo itatu umene abale athu amabwera nawo kuchokera ku Johannesburg, kapena chiwaya chokhuthala chokazingira chambo, mchenga umaziwononga. Ntchito yanga ndi yophikira alendo m'mbali mwa nyanjayi, ndipo zimandiwawa kuona mphika woti n'kusiyira zidzukulu utafiira ndi dzimbiri.

Chitsulo chimenechi amachita kuchisungunula n'kuchithira m'chikombole, n'chifukwa chake pamwamba pake pamakhala pokhakhala. Kuda kumene mumakuona pa mphika wakale si litsiro ayi. Ndi mafuta ophikira amene anapsa, n'kuuma gwa, n'kukanirira pachitsulopo. Mafutawo ndiwo amatchinga madzi kuti asayambitse dzimbiri, ndiwonso amachititsa kuti khungu la nsomba lisamatirire. Mukakwecha, mwauvula mphikawo, ndipo ndi chinyezi cha kuno nthawi ya dzinja, mawa lake mupeza wayamba kale kufiira.

Mphika watsopano muukonze chonchi. Tsukani, muumitse pambaula mpaka kadontho kalikonse kathe. Pakani mafuta a mpendadzuwa kapena a soya ndi kansalu, mkati ndi kunja komwe, kenako pukutani kwambiri kuti patsale ochepa zedi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti mafuta akachuluka zikhala bwino. Mafuta ochuluka sauma, amangosanduka phula lonanda. Ikani pamakala mpaka utsi utuluke n'kuleka wokha, muusiye uzizire, ndipo bwerezani katatu kapena kanayi. Majarini musagwiritse ntchito, muli madzi ndi mchere.

Pophika musapupulume. Chitsulo chimachedwa kutentha, koma chikatentha chimasunga moto nthawi yaitali, choncho nyemba zikawira mutha kuchepetsa makala. Chambo muchipukute chiume musanachiike m'mafuta otentha, ndipo musachitembenuze msanga: chikapsa mbali imodzi chimamatuka chokha. Ndiwo za matimati ambiri, za mandimu kapena za bwemba zikaphikidwa nthawi yaitali zimadya mafuta ouma aja. Chidulo nachonso chimodzimodzi, ndiye therere phikirani mwina. Ndiwo zotsala zisagone mumphikamo.

Zoti chitsulo pang'ono chimalowa m'chakudya ndi zoona, makamaka m'ndiwo zowawasa. Komabe mayi woyembekezera asasiye mankhwala owonjezera magazi amene amalandira kusikelo poganiza kuti chitsulo cha mumphika wotere chimuwonjezera magazi okwanira.

Kutsuka n'kosavuta: madzi ofunda, kasopo pang'ono ngati mwakazinga nsomba, ndipo zokanirira muzipale ndi mthiko. Musaunyike m'beseni, komanso musathire madzi ozizira ukadali wamoto, chifukwa ukhoza kung'aluka, ndipo chitsulo chotere n'chovuta kuwotcherera. Osaumitsa pathandala limodzi ndi mbale zina. Ubwezereni pamoto kamphindi, pakani timafuta, ndipo posunga chivundikiro chikhale chopendekeka kuti mpweya uzilowa.

Nanga uja wachita kale dzimbiri kuseri kwa khitchini? Musaupereke kwa ogula zitsulo zakale. Apa pokha ndi pamene mchenga umaloledwa: kwechani mpaka dzimbiri lonse lichoke, tsukani, umitsani pamoto nthawi yomweyo, n'kuyambiranso kupaka mafuta ngati watsopano.