Musangolemba kuti ndinu osauka

Wophunzira amene akufuna malo ku MUST kuno ku Thyolo, ku MUBAS, ku LUANAR kapena ku yunivesite ina ya boma safunsidwa kufotokoza za moyo wake. A NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, amayang'ana mapointsi a MSCE, makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndi maphunziro amene mwasankha pa fomu, basi. N'chifukwa chake ana athu amadzidzimuka akayamba kusaka sikolashipu monga ya Mastercard Foundation, kapena malo ku America ndi ku Britain. Kumeneko amafuna nkhani ya iwe mwini, yolemba wekha, imene amaitcha personal statement. Pa Common App, fomu yofunsira malo ku mayunivesite a ku America, isapitirire mawu 650. Ku UCAS, bungwe lolandira mafomu ofunsira malo ku mayunivesite a ku Britain, malire ndi zilembo 4,000, ndipo kuyambira olowa mu 2026 akuyankha mafunso atatu.

Pa ntchito yanga yolangiza ophunzira, nkhani zimene zimandipeza zimafanana ngati eni ake anakhala benchi imodzi pa mayeso. "Ndimachokera m'banja losauka. Mayi anga amathyola tiyi ku esiteti. Ndikufuna kutukula dziko langa." N'zoona zonsezo, sindikuzipeputsa. Koma wowerengayo ali ndi mulu wa makalata a ku Uganda, ku Ghana, ku Zambia, ndipo ambiri akulira umphawi womwewo. Za chuma cha pakhomo amazifunsa padera. M'nkhaniyi akufuna aone mmene mutu wanu umagwirira ntchito.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Thekerani amene akufuna kuphunzira za mbewu. Atha kulemba kuti amakonda ulimi chiyambire ali mwana, zomwe aliyense anganene. Kapena atha kufotokoza chaka chimene chisaka chinalowa m'munda wa nthochi wa agogo ake, masamba n'kufupika, kuthithikana kunsonga, mkoko osatuluka. Alangizi anati zonse zizulidwe. Agogo anakanitsitsa, poti nthochi zomwezo ndi zimene zinkalipira fizi. Mtsikanayo anafunsafunsa mpaka anamva kuti matendawa amayenda ndi nsabwe za nthochi, komanso ndi ana a nthochi amene timapatsana pachibale. Apa ndiye pali nkhani. Anaima mbali ya ndani, ya agogo kapena ya alangizi? Zinamukhudza bwanji kuzindikira kuti kupatsana mbewu, chinthu chimene timachiyesa umunthu, kunathandiza kufalitsa matenda? Ngati pali funso limene mpaka lero sanalipezere yankho, alilembe momwemo, chifukwa ndi limenelo likumutumiza ku yunivesite.

Chimene chimatimanga manja n'chakuti tinaleredwa kuti kudzitchula ndi kudzitama. Mwana wamwambo amati "tinachita" ngakhale ntchitoyo anaigwira yekha. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ku London kulibe amalume oti akakuyankhulireni. Kulemba kuti "sukulu zitatsekedwa chifukwa cha namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, ndinasonkhanitsa anzanga n'kumaphunzitsana masamu pakhonde la tchalitchi" si matama ayi, ndi umboni. Matama ndi kudzipachika mayina, ati ndine mtsogoleri, ndine wakhama, popanda chochitika ngakhale chimodzi chokuikirani kumbuyo.

Pa za Freddy pomwepo ndinenepo mawu. Mabanja ambiri a ku Mulanje ndi ku Phalombe anataya abale, ndipo palibe amene akukukakamizani kutosa bala losapola kuti mupeze malo. Mukasankha kulemba za imfa, chigawo chachikulu chikhale cha zimene munachita pambuyo pake. Ndipo musadzisandutse amasiye makolo alipo. Kalata ya ahedi imapita pamodzi ndi yanu, ndipo ziwirizo zikasemphana, zanu zada.

Nkhaniyi imalembedwa m'Chingerezi, koma musayambire kumeneko. Yambani mwaikamba pakamwa, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, kwa mnzanu kapena azakhali, n'kumatchera khutu pamene akudulani kuti "ndiye zinatha bwanji?" Poyambira ndi pamenepo. Mukalemba, aphunzitsi akonze galamala yokha, maganizo asawakhudze. ChatGPT ikupatsani Chingerezi chosalala, koma munda wa agogo anu siiudziwa, ndipo masikolashipu ambiri amaitana anthu ku intavyu. Kumeneko amatha kutola chiganizo chimodzi cha m'kalata yanu n'kukuuzani kuti muchifotokoze.